Uchidakwa umayamba ndi kufuna, umathera m'matenda

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tiikepo mlomo pa mkangano womwe sutha kuno ku Zomba. Umamveka m'minibasi za ku Jali ndi ku Songani, umamveka pasiwa, umamvekanso pa mabenchi a chipatala pamene abale akudikira wodwala wawo. Ena amati munthu womwa mowa mwauchidakwa kapena wosuta chamba osapumira amachita dala, atafuna akhoza kusiya lero lomwe. Ena amati ndi matenda, munthuyo alibe mlandu uliwonse. Ife amene talemba kalata ino timagwira ntchito zaumoyo ndi zauphungu m'boma lino, ndipo mkanganowu sitiutenga ngati macheza a pabawo. Zomwe banja limakhulupirira pa funsoli ndi zomwe zimalamula chimene lichite pa tsiku loyamba lofuna kuthandiza m'bale wawo, ndipo tsiku limenelo likalakwika munthu amatha kufa.

Maganizo athu ndi awa. Kuyamba kumwa kapena kusuta munthu amasankha, ngakhale kuti ambiri amasankha akadali ana asukulu. Pakapita zaka, mwa anthu ena, osati onse, bongo ndi thupi zimasintha mpaka kusiya kumafuna zambiri zoposa kulimba mtima. Pamenepo afika pa matenda. Matendawo safafaniza udindo wa munthu pa zomwe walakwira mkazi wake, ana ake kapena bwana wake. Amamuwonjezera udindo wina, womwe ali nawonso wodwala shuga kapena BP: kuvomera chithandizo ndi kuchitsatira.

Tiyambe ndi kuyeza, chifukwa mawu akuti "ndimangomwa pang'ono" sauza dokotala kanthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerenga mowa m'miyeso, ndipo muyeso umodzi ndi magalamu 10 a mowa weniweni umene uli m'chakumwacho. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tengani mamililita a chakumwa, chulukitsani ndi mphamvu yolembedwa pabotolo (5% muiwerenge ngati 0.05), kenako chulukitsani ndi 0.79. Botolo la mowa la 330 ml la mphamvu ya 5% lili ndi magalamu 13. Lita imodzi ya masese a mphamvu ya 4% ili ndi magalamu pafupifupi 32. Kabotolo kapulasitiki ka 200 ml ka mphamvu ya 40%, kaja kamalowa m'thumba la buluku osaoneka, kali ndi magalamu 63, kutanthauza miyeso 6 ndi kanthu. WHO imati kumwa magalamu 60 kapena kuposerapo pa nthawi imodzi ndi kumwa koika moyo pachiswe, ndiye kabotolo kamodzi kokha kadumphitsa kale munthu malirewo. Kachasu ndiye alibe n'cholembedwa chomwe. Mphamvu yake imasiyana kwa wotcheza aliyense, ngakhale pakati pa botolo loyamba kudontha ndi lomaliza pa mphika womwewo.

Chiwindi chimachotsa magalamu osaposa 10 pa ola limodzi. Palibe tiyi wakuda, kusamba madzi ozizira kapena kanyenya wa tsabola amene angachifulumizitse. Wakabaza amene wamwa timabotolo titatu usiku walowetsa magalamu pafupifupi 190 m'thupi, ndipo pamene akunyamula mwana wasukulu 6 koloko m'mawa, mowa wambiri ukadali m'magazi ake.

Nanga chimasintha n'chiyani m'mutu mwa munthu? Taganizirani sikelo ya mbale ziwiri ya pamsika. Bongo uli ndi mbali yokhazika thupi pansi ndi mbali yolidzutsa, ndipo ziwirizi zimayenera kulemera mofanana. Mowa umaika mwala ku mbali yokhazika pansi. N'chifukwa chake woledzera amalankhula mokoka lilime, amadzandira, kenako amagona. Mwalawo ukamaikidwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi ndi zaka, bongo umadziteteza powonjezera kulemera ku mbali yodzutsa kuti sikelo ibwerere pakati. Zikatero munthu amafuna mowa wochuluka kuti amve zomwe ankamva ndi wochepa. Anzake pamowa amamutama kuti ali ndi mutu wolimba, pamene ichi ndi chizindikiro choyamba cha vuto. Tsopano chotsani mwala wa mowa uja mwadzidzidzi. Mbali yodzutsa, yomwe yakhala ikulemera zaka zonsezi, imagwetsa sikelo mwamphamvu. Kunjenjemera, thukuta, kugunda kwa mtima ndi kukomoka zimachokera pamenepo.

Muoneni munthu wotere m'mawa asanalawe kanthu. Kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri, komabe tiyi amatayikira pa malaya. Batani la shati limamukanika. Akapeza kapu imodzi ya kachasu, yomwe amati n'kuchotsa loko, patatha mphindi zochepa manja aja amakhazikika, n'kusainira bwinobwino m'buku la kuntchito. Kumwa kwa m'mawa kumeneku sikofuna chisangalalo ayi. Munthuyo akuthawa ululu umene thupi lake likumupatsa.

Pali kusintha kwinanso, kwa chibaba. Mowa, chamba, fodya ndi mankhwala ena ozunguza bongo amachititsa bongo kutulutsa mankhwala ake achilengedwe otchedwa dopamine, omwe ntchito yake ndi kuphunzitsa munthu kuti chinthu ichi n'chofunika, uchibwerezenso. Phunzirolo limamatirira pa chilichonse chozungulira kumwako: njira yodutsa pa shabini, tsiku la malipiro, likhweru la mnzake, nyimbo ya pabala. Pakapita nthawi, kungodutsa pamalopo kumadzutsa chibaba munthu asanaganize n'komwe. Mbali ya bongo ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, yomwe imati "dikira, ganizira za mawa", imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25, ndipo mowa wambiri umaifooketsa. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa woyamba kumwa ali ndi zaka 14 ndi woyamba ali ndi zaka 30. Kafukufuku wochitidwa pa mapasa ndi pa ana oleredwa ndi makolo ena amaonetsanso kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha uchidakwa n'chakumtundu. Anthu awiri akhoza kumwera kapu imodzi zaka zisanu, wina n'kusiya atakwatira, wina n'kukodwa. Bungwe la madokotala la ku America linavomereza uchidakwa ngati matenda m'chaka cha 1956, ndipo lero uli m'kaundula wa matenda wa WHO.

Si aliyense woledzera amene ali ndi matendawa, ndipo mfundo iyi tikufuna imveke. Mnyamata amene amaledzera paukwati n'kuyambitsa ndewu ali ndi vuto la khalidwe ndi kamwedwe koipa, koma akhoza kukhala sabata zitatu osamwa, thupi osadandaula. Achipatala amayang'ana zinthu zitatu m'miyezi 12 yapitayo. Kodi munthuyo amalephera kudziletsa, moti akati amwa awiri amathera khumi? Kodi mowa wakhala patsogolo pa zonse, ntchito, munda, fizi ya ana, ngakhale akuona yekha kuti ukumupweteka? Kodi thupi lazolowera, moti amafuna wochuluka ndipo akausowa amadwala? Ziwiri mwa zitatuzi zikapezeka, ndi matenda. Palinso mafunso 10 a WHO otchedwa AUDIT, omwe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo akhoza kufunsa m'mphindi zisanu. Mapointi 8 kapena kuposerapo amasonyeza kamwedwe koopsa, ndipo 20 kapena kuposerapo amasonyeza kuti mwina munthuyo wakodwa kale.

Tsopano tifike pomwe chikhulupiriro chakuti "amachita dala" chimaphera anthu. Banja likatopa, ndipo lili ndi zifukwa zomveka zotopera, limakhala pansi ndi malume n'kugamula kuti kuyambira lero asalawenso. Amamulanda ndalama, amamutsekera m'chipinda, ena amamutengera kumalo a mapemphero akutali kuti akasale kudya. Kwa munthu amene thupi lake lazolowera mowa, zomwe zimatsatira zili ndi nthawi yake yodziwika. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka ngakhale kukuzizira, mseru umabwera, tulo timasowa. Pakati pa maola 12 ndi 48, ena amagwa n'kumagwedezeka thupi lonse ngati wakhunyu, chonsecho sanadwalepo khunyu. Kuyambira tsiku lachiwiri kufika lachinayi ndi pamene pamabwera choopsa kwambiri, chomwe madokotala amachitcha delirium tremens. Thupi limatentha, munthu sadziwa komwe ali, sazindikira mkazi wake, amaona nyerere kapena njoka zikukwera khoma n'kumazikutumula pa bulangete, ndipo usiku zimanyanya. Zimagwera pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 osiya mowa atazolowera. Popanda chithandizo zikhoza kupha anthu 15 kapena kuposerapo mwa 100 alionse amene zawagwera, pamene kuchipatala imfazo zimatsika kufika pansi pa 5. Pakhomo, abale akaona zimenezi amati walodzedwa kapena wagwidwa ziwanda, ndipo masiku awiri ofunika kwambiri amathera kwa sing'anga.

Zomwezi zimatha kuchitika m'chitokosi cha apolisi. Munthu womangidwa Lachisanu madzulo ali chiledzerere amafika pa nthawi yoopsa ija Lamlungu kapena Lolemba. Wapolisi amene waona womangidwa akunjenjemera, akutuluka thukuta ndi kulankhula ndi anthu osaoneka asamuyese wonamizira. Munthuyo akufunika chipatala tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi ndi wodwala amene wagonekedwa chifukwa cha ngozi ya njinga yamoto kapena chibayo, n'kuyamba kusokonezeka pa tsiku lachitatu. Womudikirira akabisa zoti munthuyo amamwa tsiku lililonse, poopa manyazi, amawasokoneza madokotala.

Amene sayenera kusiya mowa yekha kunyumba ndi uyu: womwa tsiku lililonse kwa miyezi, womwa m'mawa kuti manja akhazikike, amene anakomokapo kapena kusokonezekapo atasiya, wakhunyu, washuga, mayi woyembekezera, wa maso achikasu kapena mimba yotupa, womwa mankhwala a TB, ndi aliyense amene akulankhula zodzipha. Ameneyu ayambire kuchipatala. Ngati ulendo wa kuchipatala uchedwa masiku angapo, monga zimakhalira kwa anthu a kunyanja ya Chilwa nthawi yadzinja, ndi bwino azichepetsa pang'onopang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 patsiku, kusiyana n'kudula kamodzi. Tikudziwa kuti mawu amenewa amawawa m'makutu mwa mayi amene wavutika zaka khumi, koma ndi oona. Akakomoka, mugonekeni chammbali, chotsani zinthu zomwe zingamupweteke, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse madzi. Kukomoka kukapitirira mphindi 5 kapena kukabwereza, pezani galimoto nthawi yomweyo.

Kuchipatala zomwe zimachitika si zachilendo. Amayeza shuga m'magazi, chifukwa mowa umagwetsa shuga mwa munthu wosadya. Amayeza malungo, amaona ngati sanavulale m'mutu, amafufuza matenda oumitsa khosi, popeza zonsezi zimasokonezanso munthu. Kenako amapereka diazepam, yemwe amakhala pa mbale ya sikelo paja panali mowa, ndipo amamuchepetsa tsiku ndi tsiku mpaka kutha, kawirikawiri m'masiku 3 mpaka 7. Mankhwalawa asagulidwe pamsika kapena kupemphedwa kwa mnzako. Akaphatikizana ndi mowa amafooketsa kupuma, ndipo akamwedwa masabata ambiri nawonso amakola munthu.

Pali mankhwala ena otsika mtengo amene anthu sawalabadira, thiamine, yemwe ndi vitamini B1. Thupi limasunga wokwanira sabata ziwiri kapena zitatu zokha. Womwa kwambiri sadya mokwanira, matumbo ake sayamwa bwino vitaminiyu, ndipo nsima ya ufa woyera imakhala itataya wambiri pokonola chimanga. Akasowa, bongo umavulala. Munthu amasokonezeka, amadzandira asanamwe, maso amagwedezeka kapena amaona zinthu ziwiriziwiri. Zikachedwa, amasanduka woiwala kosatha, wofunsa funso lomwelo kakhumi pa ola limodzi. N'chifukwa chake wosiya mowa aliyense amapatsidwa 100 mg patsiku kwa masiku osachepera 5, ndipo woonetsa zizindikiro zija amabayidwa wochuluka kuposa pamenepo. Lamulo la achipatala ndi lakuti thiamine aperekedwe pamodzi ndi diripi ya shuga kapena isanayambe, chifukwa shuga amamaliza thiamine wochepa amene watsala. Mnzake wa vutoli ndi pellagra, kusowa kwa vitamini B3, komwe kumakonda anthu odalira chimanga. Khungu limada ndi kukakala m'khosi ndi kuseri kwa manja komwe kumawomba dzuwa, m'mimba mumatseguka, mutu umasokonezeka. Mgaiwa, mtedza, nyemba, nandolo, mazira ndi matemba ndi mbali ya chithandizo.

Tatsindika za matenda, koma tingakhale onama titasiyira pomwepa. Amene amati pali kusankha ali ndi umboni wawo wolimba. M'chaka cha 1971 boma la America linada nkhawa ndi asilikali ake amene ankagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroin ku nkhondo ya ku Vietnam, ndipo katswiri wina, mayi Lee Robins, anawatsatira atabwerera kwawo. Pafupifupi mmodzi mwa asilikali 5 alionse anali atakodwa ali kunkhondo. Atafika kwawo, mwa okodwawo ndi pafupifupi 5 okha mwa 100 amene anakodwanso m'chaka choyamba, ndipo patatha zaka zitatu anali pafupifupi 12. Anthu ake anali omwewo. Zomwe zinasintha ndi malo, anzawo, mtengo wa mankhwalawo, mantha a nkhondo, ndi kupezeka kwa ntchito ndi banja zoti azikhalira moyo. Matendawa amamva zomwe zamuzungulira munthu, ndipo wodwalayo amakhalabe ndi mphamvu ina yosankha, ngakhale yafooka. Amene amakhala pansi n'kumati "ndi matenda, ndilibe chochita" akudzinamiza mofanana ndi amene amati "ndikhoza kusiya tsiku lililonse ndikafuna".

Mphamvu yotsalayo iyenera kugwiritsidwa ntchito pa nthawi imene ilipo. Pakhomo la shabini, ndalama zili m'thumba, anzake akuitana, imakhala kulibe. M'mawa wa Lachiwiri, munthu atadya, ali ndi mkazi wake kapena mkulu wake, imakhalapo, ndipo zisankho zazikulu zipangidwe pamenepo. Malipiro kapena ndalama za ganyu zizifikira m'manja mwa munthu wodalirika amene wodwalayo wamusankha yekha, kapena zizilowa ku banki m'khonde tsiku lomwelo. Njira yobwerera kunyumba isinthe, ngakhale italike. Tsiku la malipiro ndi Loweruka madzulo zikhale ndi chochita chokonzeratu, ndi munthu wodziwika woti akhale naye. Asayende ndi njala, chifukwa njala, mkwiyo, kutopa ndi kusungulumwa ndi zomwe zimatsegulira chibaba chitseko. Chibabacho chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha, kawirikawiri m'theka la ola. Wodwala amene waphunzira kudikira theka la ola limenelo akutunga madzi, akuyenda kapena akulankhula ndi wina pafoni wapeza chida chachikulu. Tulo timavuta masabata angapo oyambirira, ndipo ambiri amabwerera ku mowa pofuna kugona. Kudziwiratu kuti zimenezi zimatha kumathandiza kupirira.

Kuchotsa mowa m'thupi kwa sabata imodzi ndi khomo chabe. Mabanja ambiri amalandira m'bale wawo kuchokera kuchipatala ali wosalala nkhope n'kuganiza kuti zatha, ndipo akamwanso pakatha mwezi amataya mtima. Mwa anthu olandira chithandizo cha matendawa, 40 mpaka 60 mwa 100 alionse amabwereranso nthawi ina, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso. Wa BP akadya mchere wambiri n'kudwalanso sitimuthamangitsa pamudzi, timamubweza kuchipatala. Woterereka abwerere msanga, sabata yomweyo, ndipo funso likhale lakuti kunali kuti, anali ndi ndani, ndalama anazipeza bwanji, kuti mpata umenewo utsekedwe. Magulu a anthu osiya mowa amene amakumana sabata iliyonse, monga a Alcoholics Anonymous omwe anayamba ku America mu 1935, amathandiza chifukwa munthu amalankhula ndi anzake oti sangawanamize. Mpingo kapena mzikiti ukhoza kupereka chipinda cha misonkhano yotere osasandutsa msonkhanowo bwalo la milandu.

Kwa abale tinene izi mosapsatira. Kuzindikira kuti ndi matenda sikukutanthauza kumulipirira ngongole za kushabini, kumunamizira kwa abwana kuti ali ndi malungo, kapena kuwombola wailesi imene wapinyolitsa kachitatu. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, inde, koma zikamapota wamkulu nthawi zonse wodyayo saona chifukwa chosiyira. Mulankhuleni asanamwe, anthu awiri kapena atatu amene amawalemekeza, mutchule zomwe zinachitika ndi tsiku lake m'malo momutukwana, ndipo mubwere ndi tsiku lopitira kuchipatala ndi munthu womuperekeza. Musamuthirire mankhwala obisa m'chakudya kapena m'mowa kuti azisanza. Ena mwa mankhwala amenewa amawononga chiwindi ndi impso zomwe zafooka kale. Ndipo pamene pali nkhanza, mayi ndi ana atetezedwe kaye. Ankhoswe asabweze mayi womenyedwa ndi mawu akuti amuna anu akudwala, pirirani. Kumenya ndi mlandu, woledzera kapena wosaledzera, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Za chamba tinene mwachidule. Pafupifupi mmodzi mwa osuta 10 amakodwa, ndipo mwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa 6. Kusiya chamba sikupha. Kumabweretsa ukali, kusowa tulo, maloto oopsa ndi kusafuna kudya, zomwe zimakula m'sabata yoyamba n'kuzilala m'sabata ziwiri kapena zitatu. Choopsa chake chili pa achinyamata osuta tsiku lililonse, makamaka a kumtundu komwe kuli matenda a maganizo, chifukwa ena amayamba kumva mawu ndi kukayikira aliyense. Lamulo la mu 2020 linaloleza kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala kwa okhala ndi chiphaso. Kusuta n'koletsedwabe. Mapiritsi a tramadol, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ndi jakisoni wa pethidine ali ndi msampha wina. Munthu akasiya sabata zingapo, monga ali kundende kapena kuchipatala, thupi limaiwala kuzolowera kuja, ndipo akabwerera pa mlingo wake wakale kupuma kumatha kuima. Wopezeka atagona osadzutsika, akupuma mwapatalipatali, timaso takuda titachepa ngati nsonga ya singano, athamangitsidwe kuchipatala, komwe kuli mankhwala otchedwa naloxone obweza vutoli.

Chenjezo lina ndi la mowa wosadziwika kochokera, uja anthu anaupatsa okha dzina lakuti "ambuye ntengeni". Ngozi yaikulu imabwera pamene wogulitsa wasakaniza spiriti wa m'mafakitale wokhala ndi methanol kuti mowa ukhale waukali. Mamililita 10 okha a methanol akhoza kuchititsa khungu, 30 akhoza kupha, ndipo zizindikiro zimachedwa maola 12 mpaka 24. Amene wadzuka ndi mutu, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira ndi maso achifunga atamwa mowa wotere asaziyese matsire. Apite kuchipatala pamodzi ndi onse amene anamwa nawo, atatenga botololo.

Ngati malo ndi mtengo zimasintha kamwedwe monga taonera, ndiye kusankha sikuli kwa womwa yekha. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yake ya mowa. Masacheti anachoka, m'malo mwake munalowa timabotolo tapulasitiki totsika mtengo moti mwana wa Fomu 2 amakwanitsa ndi ndalama ya chakudya cha pa buleki. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa osakwana zaka 18, koma kholo lomwelo lodandaula ndi lomwe limatuma mwana wa zaka 9 kukagula kachasu. Zomba ndi mzinda wa sukulu, wa yunivesite, wa achinyamata ochuluka okhala kutali ndi makolo ku Chikanda ndi madera ena. Tikupempha khonsolo ya mzinda ndi ya boma kuti ziphaso za malo omwera mowa ziziyendera limodzi ndi maola otsegulira ndi kutalika kwake ndi sukulu, ndipo mafumu athu aletse kugulitsa mowa m'mawa anthu asanapite kumunda.

Pempho lathu lalikulu likupita ku unduna wa zaumoyo. Mafunso a AUDIT azifunsidwa ku kiliniki ya ma ARV, ya TB, ya BP ndi ya amayi oyembekezera, chifukwa kumeneko n'komwe mowa ukuwonongera chithandizo mwakachetechete. Womwa kwambiri amaiwala ma ARV, chiopsezo chake chodwala TB chimakhala pafupifupi katatu kuposa cha ena, ndipo mankhwala a TB amalemetsa chiwindi chomwe mowa wachitopetsa kale. Mwana ali m'mimba alibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wabwino kwa iye. Thiamine asamasowe pa chipatala chaching'ono chilichonse. Mu 2023 WHO inaika naltrexone ndi acamprosate, mankhwala ochepetsa chibaba ndi kubwerera ku mowa, pa mndandanda wa mankhwala ofunika, ndipo ife tikufuna kuwaona pa mndandanda wa dziko lino ndi m'mashelefu a zipatala za boma.

Dzina la mzinda wathu lili ndi katundu wake. M'dziko muno munthu akauzidwa kuti "tikupititsa ku Zomba" amamva zoti akumunena misala, chifukwa kuno n'komwe kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo. Mantha a dzina limeneli amachedwetsa mabanja mpaka munthu atafika povula zovala pamsewu. Ambiri mwa odwala uchidakwa safunika kugonekedwa kumeneko. Chithandizo chimayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, kaya ku Matawale, ku Domasi kapena ku Thondwe, ndipo achipatala ndi amene amaona ngati pakufunika kutumiza wodwala ku chipatala chachikulu. Woperekeza apite atalemba papepala mtundu wa mowa, kuchuluka kwake patsiku, ola lomwe wodwala anamwa komaliza, ngati anakomokapo, ndi mankhwala ena onse amene akumwa, ndipo asaiwale buku lake la kuchipatala.

Ndife,
Ena mwa ogwira ntchito zaumoyo ndi aphungu,
Zomba